Kodi Nkoyenera Kuti Wosalakwa Afere Wolakwa?

Anzanga, ndiponso inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndapempha malo m'magazini ino kuti ndinene chinthu chimene chakhala chikundisowetsa tulo kuyambira teremu yatha. Ena mwa inu mukangowerenga mizere yoyambayi mudzadziwa chimene ndikunena, pakuti munalipo. Maina a anthu sinditchula.

Usiku wina m'hositelo yathu, anyamata ena a Fomu 4 ndi ife a Fomu 3 tinafuna kumwa tiyi. Tinalumikiza waya ndi masupuni awiri, monga ambiri mudziwira, ngakhale lamulo likaniza, ndipo madzi asanawire soketi inapsa, magetsi nazima nyumba yonse. Ine waya sindinamugwire, koma kapu yanga inali pamzere pamodzi ndi makapu enawo. Kusanache tinapangana. Tinati mnyamata wa Fomu 4 akagwidwa adzamuimitsa sukulu mayeso ali pafupi, koma mwana wa Fomu 1 adzangomukalipira ndi kumupatsa khasu, pakuti adzati sanadziwe malamulo. Tsono tinasankha mwana wina wofatsa, amene alibe mkulu wake pasukulu pano, ndi kumuphunzitsa mawu oti akanene. Anakanenadi. Anakumba dzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini masiku atatu, manja ake natuluka matuza.

Tsiku lachitatu, tikudutsa pamenepo kupita kokadya, mmodzi wa ife analoza mwanayo nati, "Suyo Yesu wathu, akufera machimo athu!" Tonse tinaseka, ndi ine ndemwe. Madzulo ake ambiri a ife tinapita kumapemphero, ndi kukaimba za mwazi wa Mwanawankhosa ndi mawu okweza ndithu.

M'kalasi mwathu muli mnzanga wina amene amakhoza masamu kuposa tonsefe, ndipo kutchalitchi amapita pokhapokha atakakamizidwa. Iyeyu atamva za nthabwala ija, naona kuti ine nkhope yagwa, anati, "Iwe, ukudandaula chiyani? Mnzakoyo sananame. Chikhristu chanu chonse ndi chomwechi: wolakwa wina, wolangidwa wina, woweruza nakhutira chifukwa waona magazi. Aphunzitsi aakulu atalanga dala mwana wosalakwa, akudziwa, sukulu yonse ikhoza kuwukira. Nanga Mulungu akachita zomwezo muti ndi chikondi? Ndipo ngati Mulunguyo ndi wachifundo, alekeranji kungonena kuti zatha?" Tsiku limenelo ndinasowa poyankha. Zimene ndalemba panozi ndilo yankho langa, lochedwa ndi teremu yathunthu.

Poyamba ndinene kuti funso la mnzangayu si lachibwana, ndipo amene amamutcha mwana wa Satana chifukwa cha kufunsa akulakwa. Funsoli silinayambe ndi iye. Ku France kunali mphunzitsi wa za Mulungu dzina lake Peter Abelard, amene anamwalira m'chaka cha 1142. Iyenso anadabwa kuti zitheka bwanji kuti kuphedwa kwa Mwana wosalakwa kukondweretse Mulungu, pamene kupha Mwanayo ndi tchimo lalikulu koposa kudya chipatso kwa Adamu. Chotero ngati munthu wophunzira chomwecho, amenenso anali Mkhristu, anafunsa zimenezi zaka zoposa 800 zapitazo, ife sitiyenera kuthawa pamene mnzathu wa pa desiki atifunsa.

Ine ndiganiza kuti chisokonezo chathu chiyambira pa mawu. Pamene amishoni ankamasulira Baibulo m'chinenero chathu, monga William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndi anzake amene anatulutsa Buku Lopatulika mu 1922, sanapange mawu atsopano ayi. Anatola mawu amene anawapeza kale m'midzi: nsembe, dipo, kuwombola. Anachita bwino, pakuti akanalankhula nafe ndi mawu a yani? Komatu mawu ali ngati mphika wakale. Ngakhale uutsuke, fungo la ndiwo zoyamba silitheratu. Tikamva kuti nsembe timaona kachisi, ufa ndi mowa. Tikamva kuti dipo timaona bwalo la amfumu. Tikamva kuti kuwombola, akuluakulu amakumbukira nkhani za masiku a ukapolo, pamene anthu ankathawira pa chilumba cha Chisi, ndi pamene munthu wogwidwa abale ake ankamubweza ndi nsalu kapena ziweto. Mawu onse atatuwa ali ndi choonadi chake, koma aliyense akhozanso kutisocheretsa.

Titenge nsembe. Ine kwathu ndi kufupi ndi doko la Kachulu, ndipo mu 2018, pamene nyanja ya Chilwa inaphwa kufikira mabwato anagona pa matope ong'aluka, ndinali mwana wa zaka khumi. Agogo anga, amene anaonanso kuphwa kwa 1968 ndi kwa 1995, anandiuza kuti kale zikatere akuluakulu ankanena kuti mizimu yakwiya, natenga ufa ndi mowa kukathira nsembe. Aphunzitsi a jogalafe atiuza chifukwa china, chakuti nyanja yathu ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, kotero kuti mvula ikachepa zaka zotsatana dzuwa limaimwa. Koma pano sindikutsutsana ndi agogo za mvula. Chimene ndifuna muone ndi njira imene nsembe yotere imayenda. Imachokera pansi kupita kumwamba. Wamkulu wakwiya, wamng'ono napereka kanthu kuti mkwiyo uphwe. Ambiri a ife chithunzi chimenechi timalowa nacho m'tchalitchi osachivula pakhomo, ndipo tiganiza kuti Atate anali wokwiya kumwamba, Yesu anali wofatsa pansi pano, wofatsayo naperekedwa kuti wokwiyayo atonthole. Ngati Chikhristu chili chomwecho, mnzanga wa masamu wapambana, ndipo ine sindingamutsutse.

Nayo nsembe ya Aisraeli tiyione. Pa Levitiko 16 timawerenga za Tsiku la Chitetezero, lochitika kamodzi pachaka. Mkulu wa ansembe ankatenga mbuzi ziwiri. Imodzi ankaipha ndi kulowa ndi mwazi wake m'malo opatulikitsa. Inayo ankaisanjika manja pamutu, naulula pa iyo zolakwa zonse za anthu, ndipo munthu ankapita nayo kuchipululu kukaitaya. Mwambo umenewu unali wophunzitsa zinthu zazikulu, kuti tchimo si mphepo yongopita, koma katundu amene ayenera kusenzedwa ndi kuchotsedwa pakati pa mudzi. Koma taonani chinthu chimodzi: mbuziyo palibe anaifunsa. Inangogwidwa m'khola chifukwa inalibe pakamwa pokanira. Ndipo Kalata ya kwa Ahebri, pamutu 10, ivomereza poyera kuti mwazi wa ng'ombe ndi mbuzi sunathe kuchotsa machimo, nchifukwa chake ankabwereza chaka ndi chaka. Mwana wathu wa Fomu 1 uja sanali Yesu ayi. Anali mbuzi yachiwiri ija, ndipo chipululu chake chinali kuseri kwa khitchini.

Nanga ife tinali yani? Yohane 11 asimba za msonkhano wa akuluakulu a ku Yerusalemu, pamene Kayafa anawauza kuti kunali kwabwino kwa iwo kutaya munthu mmodzi kuti mtundu wonse upulumuke kwa Aroma. Werengani mutu umenewo, ndipo mudzamva mawu athu a usiku uja. Ifenso tinawerengera chimodzimodzi: kutaya masiku atatu a mwana mmodzi, kusunga mayeso a anthu asanu. Masamu ake anali okhoza. Nthabwala ija inatiikadi m'nkhani ya Lachisanu Loyera, koma inatiika pampando wa Kayafa ndi wa Pilato wosamba m'manja. Baibulo silinena paliponse kuti amenewa anachita bwino, ngakhale Mulungu anatulutsa chabwino m'choipa chawo.

Tsopano mundilole ndisimbe nkhani ya kwathu, pakuti ndi imene inanditsegula maso pa mawu aja akuti dipo, amene tiwapezanso pa Marko 10:45.

Patapita zaka ziwiri chiphwereni nyanja, madzi atabwerera, ine ndi mnzanga wina wa m'mudzi tinatenga bwato ndi machera a bambo wina wachikulire woyandikana nafe, mwini wake ali kumaliro. Tinati titchera usiku umodzi wokha, tigulitsa makumba ndi milamba, zonse tibweza asanafike, ndipo palibe adzadziwe. Pakati pa usiku mwera unauka. Ife ndi mantha tinathawira mu njedza ndi kukhala momwemo tikunjenjemera mpaka kucha. M'mawa tinazungulira ponseponse, koma machera sanaoneke. Bwato tinabweza, machera ayi. Inu amene kwanu ndi kumtunda mwina simudziwa kuti machera ndi chiyani kwa msodzi. Ndiwo munda wake, nkhokwe yake ndi fizi ya ana ake.

Mlandu unapita kwa amfumu. Atamva mbali zonse, amfumu ndi nduna zawo anagamula kuti dipo likhale mbuzi ziwiri, imodzi pa ine, imodzi pa mnzangayo. Ine ndinalibe ngakhale nkhuku. Pamenepo amalume anga, amene ndiwo eni mbumba kwathu, anaimirira nati, "Amfumu, mwanayu ndi wanga, mlandu wake ndi wanga." Anakamasula mbuzi yaikazi imene ankasungira feteleza wa chaka chimenecho, naipereka pamaso pa anthu onse. Sanandimenye. Kunena zoona, ndikanakonda akanandimenya, pakuti kuona chingwe cha mbuzi ija chili lende pa chikhomo kunandipweteka koposa mkwapulo.

Koma mnzanga uja anali wamasiye, wokhala ndi agogo ake okalamba amene analibe kanthu. Amfumu anafunsa kawiri ngati alipo womuimira, bwalo lonse nkukhala chete. Ndipo mwini machera uja, amene anakhala chowerama nthawi yonseyi, anadzutsa mutu nati, "Amfumu, mbuzi ya mwana uyu ikhale pa ine. Mlekeni apite." Mlandu unathera pomwepo.

Pobwerera kunyumba ine ndinang'ung'udza kwa amayi kuti tinalakwa awiri, koma ife taluza mbuzi pamene mnzanga wapulumuka ulere. Amayi anangoti, "Ulere uti? Mawa ukaone kudoko." Ndinapita, ndipo ndinaona. Mbuzi imodzi sinakwane kugula machera onse. Nyengo yonse imeneyo bambo uja, munthu wa imvi amene kale anali ndi zida zakezake, anakhala waganyu wokoka khoka la munthu wina pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana ake, madzi ali m'chiuno kuyambira mbandakucha. Mbuzi ya mnzanga inalipidwa ndithu. Anailipira ndi msana wake mwini machera.

Apa ndipo pali yankho la funso lachiwiri la mnzanga wa masamu, lakuti Mulungu alekeranji kungonena kuti zatha. Machera otayika sabwerera ndi mawu. Chinthu chikaonongeka, wina ayenera kukhala wopanda: kapena woononga, kapena m'bale wake, kapena mwini chinthucho. Amene anena kuti ndakukhululukira, ngati anenadi zoona, wavomera kuti kutayikako kukhale pa iye. Kukhululuka kwa ulere kulibe. Kumangooneka ngati kwa ulere kwa amene wakhululukidwayo, ndi kwa ana opusa ngati ine amene sanapite kudoko.

Ndipo apa ndi pamene chithunzi chija cha nsembe yochokera pansi kupita kumwamba chitembenuka. Chiphunzitso cha Akhristu sichinena kuti Mulungu anagwira munthu wachitatu, wosakhudzidwa ndi mlandu, namulanga kuti mtima wake uphwe. Chinena kuti amene anapachikidwa pamtanda ndi Mulungu yemweyo atakhala munthu. Paulo, pa 2 Akorinto 5, afotokoza kuti woyanjanitsa anali Mulungu mwini wake, akugwira ntchitoyo mwa Khristu. Ndiko kuti mwini machera ndi wolipira ndi mmodzi. Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, analemba buku lotchedwa Cur Deus Homo cha m'ma 1098 pofuna kufotokoza zimenezi. Maganizo ake mwachidule ndi akuti ngongole ndi ya munthu, kotero ayenera kulipira ndi munthu, koma ndi yaikulu kwakuti angaithe ndi Mulungu yekha. Chifukwa chake wolipira anayenera kukhala Mulungu ndi munthu pamodzi. Ine pomva zimenezi ndimaona nkhope ziwiri za pabwalo lija zitakhala nkhope imodzi: amalume amene anati mwanayu ndi wanga, ndi mwini machera amene anati ikhale pa ine. Ngakhale m'nkhani ya Abrahamu, imene anzathu Achisilamu amaikumbukira chaka ndi chaka popha mbuzi ndi kugawira osauka nyama, nkhosa yolowa m'malo mwa mwana sinachokere m'khola la Abrahamu. Pa za mtanda iwo ndi ife tisiyana, ndipo sindifuna kubisa zimenezo, koma pa ichi tonse tiwerenga chimodzi, kuti wopereka nkhosayo anali Mulungu.

Chatsala chinthu china chimene chisiyanitsa Yesu ndi mbuzi ya pa Levitiko, ndicho kufuna. Pa Yohane 10 Yesu anena momveka kuti moyo wake sakulandidwa ndi munthu, akuupereka yekha. Wina angati kusiyana kumeneku nkochepa, popeza imfa ndi imfa basi. Koma tamvani izi. Mu 1941, m'ndende ya Auschwitz imene Ajeremani a Hitler anamanga m'dziko la Poland, mkaidi wina anathawa, ndipo asilikali anasankha amuna khumi kuti afe ndi njala monga chilango. Mmodzi wa osankhidwawo, Franciszek Gajowniczek, analira potchula mkazi wake ndi ana ake. Pamenepo wansembe wina wa Chikatolika, Maximilian Kolbe, amene sanasankhidwe, anatuluka pamzere napempha kuti alowe m'malo mwake, ndipo anamulola. Atakhala m'chipinda cha njala pafupifupi masabata awiri ali moyobe, anamupha ndi jakisoni pa 14 August 1941. Gajowniczek anakhala ndi moyo mpaka 1995, ndipo analipo ku Rome mu 1982 pamene Papa John Paul II, yemwe uja anadzacheza kuno ku Malawi mu 1989, analengeza kuti Kolbe ndi woyera. M'chipinda chija munafa anthu khumi imfa yofanana. Asanu ndi anayi anagwidwa, mmodzi anadzipereka. Kodi alipo pakati pathu amene sangaone kusiyana? Ndipo kudzipereka kwa Kolbe sikunayeretse asilikali aja ngakhale pang'ono.

Mnzanga wa masamu ndamuwerengera zonsezi ndisanazipereke kwa akonzi. Sanatembenuke mtima, ndipo sindinama kuti anatero. Anati nkhani ya machera yamveka, koma chimene chimuvuta tsopano ndi Akhristu eni ake, pakuti akaona mmene tikhalira, mawu akuti Yesu analipira kale amveka ngati chilolezo choti tizitenga machera a eni tsiku lililonse. Apa ndiye wandilasa, pakuti ndi mmene ife tinachitira, kuchoka pa dzenje kupita kumapemphero osapunthwa ndi pang'ono pomwe. Koma ndinamuuza za mnzanga wamasiye uja. Kuyambira tsiku la mlandu kufikira lero, iye amapezeka pakhonde la bambo uja kusoka maukonde ndi kuwapa nsomba, popanda womutuma. Sakubweza ngongole, pakuti ngongole inatha pabwalo, ndipo bamboyo sanamuitanitsepo kanthu. Koma munthu amene anaona ndi maso ake msana umene unamulipirira sangathe kutenganso bwato usiku. Ife amene titha kutero mosavuta, mwina nchifukwa chakuti mtanda tinangoumva m'nyimbo, kudoko sitinapiteko.

Kwa inu a Fomu 3 anzanga, amene chaka chamawa hositelo idzakhala m'manja mwathu, ndinena ichi. Mwambo wogwira ana a Fomu 1 kuti asenze milandu yathu tinaupeza, ndipo ambiri a ife tinasenzapo ya ena pamene tinali atsopano. Ndicho chifukwa chake timati ndi mmene zikhalira. Ine ndikana. Ngati m'chipinda mwapsa soketi ndipo pafunika mmodzi woti akaime pamaso pa aphunzitsi, akaime wamkulu amene kapu yake inali pamzere. Ndipo inu aphunzitsi athu, tikupemphani mwaulemu kuti mwana wa Fomu 1 akabwera yekha kudzavomera mlandu wa magetsi ndi mawu osalala ngati oloweza, muziyamba mwamufunsa kuti waya anamutenga kuti.

Lolemba lapitali ndinapita kwa aphunzitsi oyang'anira hositelo ndi kuwauza kuti mwana uja sanalakwe, ndi kuti ine ndinali nawo pa upo umene unamusankha. Anandifunsa maina a enawo. Ndinawapempha kuti andilole ndisawatchule kufikira magazini ino itatuluka, pakuti onsewo amadziwa kuwerenga, ndipo ofesi aidziwa pamene ili. Anavomera, nandipatsa khasu. Dzenje loyamba lija ladzaza kale, chotero ndikukumba lina pambali pake. Mwana uja ndinakamupepesa. Sanandiyankhe kanthu, anangondiyang'ana nachoka, ndipo sindimuimba mlandu. Koma dzulo masana, ndili m'dzenjemo, anadutsa pomwepo ndi kundiuza kuti mbali ya kumpoto kuli miyala, ndiyambire kumwera.